Mtima wachoka pa kemisitiri, ndisiye kapena ndipirire?

Asiyatu wa ku Malindi: Moni akuluakulu ndi anzanga nonse a pagulu pano. Pepani uthengawu ndi wautali koma ndasowa pokambira. Ndili chaka chachitatu ku yunivesite, pulogalamu ya sayansi, meja yanga ndi kemisitiri. Vuto ndi loti mtima unachokamo kalekale. Sikuti ndikulephera ayi, sapu (mayeso obwereza ukalephera) ndilibe, ndimakhoza ndithu ngakhale sizikhala zapamwamba, koma ndikalowa mu labu maso amangokhala pa wotchi kuti titulukamo nthawi yanji. Holide yapitayi ndimathandiza amalume kulemba mabuku a geni yawo ya usipa kudoko, watenga pangongole ndani, mafuta a injini apita angati, alovi (asodzi aganyu) alandira zingati, ndipo ntchito imeneyo ndimakhala nayo mpaka usiku osamva kutopa. Ndikuganiza zosiya ndikayambe za akaunti. Kunyumba sindinanene, bambo akamva BP ikwera. Ndithandizeni maganizo chonde, kunyoza ayi

Jay pa Boma: Iiii chemwali ife tikulira malo ku yunivesite inu mukufuna kutaya?? Tipatseni ifeyo malowo kkkk

Admin: Jay munthu wanena kale kuti kunyoza ayi

Jay pa Boma: Ndikuseka chabe bwana admin, ndakhala chete

Che Bwanali: Mwana wanga, ine ndilankhula ngati kholo. Malizani. Chaka chachitatu ndiye kuti kwatsala chaka chimodzi ndi miyezi, mwavutika kale zaka ziwiri ndi theka ndiye mutuluke chimanjamanja? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Digiriyo ili pafupi, akauntiyo simunaiyambe n'komwe. Tengani pepala kaye, zokonda mtima muzazipanga pambuyo pake, akaunti sithawa.

Mayi a Tamara: Ndisanapereke maganizo ndifunse kaye mwanawe. Tulo ukugona bwino? Chakudya ukudya? Zinthu zina zomwe unkasangalala nazo, kucheza ndi anzako, netiboli kaya kwaya kaya madrasa, zikukusangalatsabe kapena nazonso zazizira? Ndikufunsa chifukwa ine ndi nesi ndipo timawaona ana a ku koleji akubwera akuti kosi yanditopetsa, tikafufuza timapeza kuti ndi matenda a nkhawa kapena njala yeniyeni, munthu akudya kamodzi patsiku nanga kalasi ingakome bwanji. Ngati chilichonse chazizira usapange chiganizo chachikulu panopa, uyambe waonana ndi aphungu a pasukulupo

Asiyatu wa ku Malindi: Zikomo mayi. Tulo ndimagona, kudya timadya movutikira ngati wina aliyense wa pa loni koma sitigona ndi njala, mesho wanga ndi ine timasonkherana. Zina zonse zili bhobho, ndi kemisitiri yekhayu basi. Masamu ndi statistics zomwe tinkaphunzira chaka choyamba ndi chachiwiri ndinkazikonda kwambiri

Mayi a Tamara: Chabwino, ndiye nkhani ndi ya kosi ndithu. Ena apitirize

Aphunzitsi a ku Namwera: Funso langa ndi limodzi chemwali. Sayansiyi munaisankha nokha pa fomu ya NCHE (bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite) kapena inangokugwerani?

Asiyatu wa ku Malindi: Ndinayamba kulemba pharmacy ndi za udokotala, sayansi ndinaika kumapeto kungodzazitsa fomu chifukwa aphunzitsi athu anati mapointi anga ndi abwino ndisataye pa zinthu za bizinesi. Mayina atatuluka ndinapezeka ku sayansi. Mudzi wonse unavina, ine ndinangovina nawo

Aphunzitsi a ku Namwera: Ndimadziwa. Nkhani imeneyi ndi ya anthu ambiri kuposa mmene timaganizira. Mwana akakhoza bwino masamu, fizikisi ndi kemisitiri pa MSCE ife aphunzitsi timamukankhira ku sayansi osamufunsa kuti iyeyo akufuna chani, ndipo malo a udokotala ndi pharmacy ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi olembera, ndiye otsalawo amagwera ku sayansi wamba. Mwana wa Form 4 wa ku Malindi kaya ku Makanjira sanaonepo munthu wogwira ntchito ya kemisitiri, amangodziwa dokotala, nesi, mphunzitsi, wapolisi. Ndiye sikuti mtima wachokamo, mwina sunalowemo chiyambire.
Ine ndinapanga fizikisi, nditamaliza ndinakhala pakhomo kanthawi ndithu kenako ndinalowa uphunzitsi. Poyamba ndinkangoti ndi pobisalira mvula koma pano ndimaukonda. Komabe sindingakunamizeni kuti aliyense amadzaikonda ntchito yomwe wagweramo, mu staff room muli anthu owawidwa mtima omwe akungodikira penshoni ndipo ana amawaona

Gift wa maakaunti: Ndalowa mochedwa koma nkhani iyi ndi yanga yeniyeni. Ine ndinasiya bayoloje chaka chachiwiri, pano ndimagwira maakaunti pa loji ina mbali ya ku Nkopola. Che Bwanali ndimakulemekezani koma mawu oti akaunti sithawa ndi osavuta kunena kwa munthu amene sakukhala mu labumo. Chaka ndi theka ukuchita chinthu chomwe sukuchifuna si masewera, ndipo chaka chomaliza ndi chomwe chili ndi project, umafunika kukhala ndi chidwi chako wekha palibe okukankha. Anzanga ena omwe anakakamira anathera kuwidwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera), anatuluka opanda digiri komanso ndi mbiri yoipa pa transcript

Che Bwanali: A Gift, inu munasiya chaka chachiwiri, mwanayu ali chachitatu ndipo wanena yekha kuti sapu alibe. Musafanizire. Komanso tiuzeni zoona, mutasiya zinayenda bwanji? Musangotiuza za lero muli pa loji

Gift wa maakaunti: Zoona zake zinali zowawa madala, sindibisa. Ndinabwerera kwa achemwali anga ku M'baluku, ndinkagulitsa mayunitsi ndi kuchajitsa mafoni kuti ndipeze ya mayeso, anthu ankandiloza chala kuti uja anawidwa uja pomwe ndinachoka ndekha. Ntchito yoyamba inali yolemba ma risiti pa hardware. Koma ndinkadzuka ndi mphamvu, kusiyana kwake kunali kumeneko

Jay pa Boma: Bill Gates naye anasiya sukulu pano ndi bilionea, chemwali limbani mtima

Aphunzitsi a ku Namwera: Jay, Bill Gates anasiya ku Harvard, bambo ake anali loya wolemera ku Seattle, ndipo ankachoka ali ndi kampani m'manja. Akanalephera akanabwerera kunyumba kukadya bwinobwino. Bambo ake a Asiyatu ndi asodzi. Ngati mukufuna zitsanzo za anthu otchuka tengani Margaret Thatcher, anaphunzira kemisitiri yemweyu ku Oxford, anamaliza mu 1947, anagwirako ntchito ya mu labu kenako anakaphunzira malamulo mpaka kudzakhala nduna yaikulu ya Britain mu 1979. Anasintha njira inde koma pepala anatenga kaye. Angela Merkel chimodzimodzi, fizikisi mpaka udokotala wa sayansi kenako ndale

Jay pa Boma: Aphunzitsi mwandikhaulitsa pagulu kkkkk ndapita kukagwira kabaza wanga

Mphatso Monkey Bay: Ine ndibwere mbali ina. Asisi mwina vuto ndi loti kemisitiri mukumuona m'mabotolo okhaokha. Ine ndinadutsa ku koleji ya za nsomba ku Mpwepwe ndipo pano ndimayenda m'madoko, ndikuuzeni kuti geni ya amalume anuyo yadzadza ndi kemisitiri. Usipa ukaumikidwa pa thandala nthawi ya mvula umachita fungo ndi kuwawa chifukwa mafuta ake amaonongeka ndi mpweya komanso chinyontho, pofika ku Limbe mtengo wagwa. Ma solar tent dryer aja anabwera kudzathana ndi zimenezo ndipo pamafunika anthu oyeza chinyontho ndi ukhondo wa nsomba. Oweta chambo m'makhola ndi m'maiwe amafuna munthu oyeza madzi, oxygen, ammonia, pH, komanso wodziwa kasakanizidwe ka chakudya cha nsomba. Nanga a Southern Region Water Board madzi omwe timamwa pa Boma amayeza ndani? Bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS ku Blantyre, ma labu a Illovo ku Nchalo ndi ku Dwangwa, onsewo ndi anthu a kemisitiri. Bwanji project yanu ya chaka chomaliza osapanga ya usipa wa ku Malindi komweko

Asiyatu wa ku Malindi: Achimwene a Mphatso zikomo, za project ya usipazo sindinaziganizepo ndipo zikumveka bwino kusiyana ndi mitu yomwe ndimaiona pa bolodi. Koma ndinene chilungamo, pamene mumafotokoza zija mutu wanga unathamangira poti kodi amalume amataya ndalama zingati pa beseni lililonse likaonongeka, ndipo dryer ingabweze ndalama yake pakatha miyezi ingati. Za pH zija ndinangodumpha kkkk. Ndi mmene ndililimu

Gift wa maakaunti: Mwamva? Ameneyu ndi akauntanti kale, mukungomuchedwetsa

Che Bwanali: Palibe akukana kuti ali ndi mutu wa ndalama. Tikukana zotaya digiri

Abiti Saidi: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma pali chinthu amuna simukuchiona. Uyu ndi mtsikana ndipo ndi wa kuno ku Mangochi. Gift atasiya anthu anangoti anawidwa basi nkhani inathera pomwepo. Asiyatu akatsika minibasi pa Malindi ndi chikwama pakati pa semesita, dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukhala utamva kuti ali ndi mimba. Sabata yomweyo ayamba kubwera ofunsira, ena a ku Joni ndi mafoni awo, ndipo azakhali ayamba zoti nanga ukudikira chani sukulu yakukana. Ndipo si iye yekha, makolo omwe akufuna kukwatitsa ana awo a Form 2 apeza ponamizira, aziti mwamuona uja anapita mpaka ku yunivesite wabwera ndi chani. Ife a mother group timavutika kuchotsa ana m'mabanja kuti abwerere kusukulu, dzina lomwe timatchula powalimbikitsa ndi la ana ngati iweyo

Asiyatu wa ku Malindi: Anti ndikumva ndipo zimenezi ndi zomwe zimandisowetsa mtendere kuposa za bambo. Koma nanenso ndi munthu, sindingakhale moyo wanga wonse pa ntchito yomwe sindiifuna chifukwa choti mudzi ukundiyang'ana. Ndinapita kukaphunzira, sindinapite kukakhala chikwangwani cha mother group. Pepani ngati ndalankhula mwamwano

Abiti Saidi: Si mwano mwanangu, wanena zoona ndipo katundu tikukusenzetsayu ndi olemera, ndikudziwa. Ine sindikuti ufere mu labu. Ndikuti ukamachoka uchoke ukupita penapake pooneka, osati kubwera kudzakhala pakhonde kudikira maganizo. Kusiyana kwake ndi kwakukulu kwa mtsikana

Mayi a Tamara: Apa Abiti mwalasa

Aphunzitsi a ku Namwera: Tikambeko za ndalama poti palibe wazitchula. Chemwali mwati muli pa loni. Loni ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama, ndi ngongole, si mphatso, zomwe mwadya kale zaka zitatuzi zili pa dzina lanu kaya mwamaliza kaya simunamalize. Ndiye mukhala ndi ngongole ya digiri yomwe mulibe, uku mukufuna fizi ya akaunti yomwe muzilipira nokha m'thumba. Amalume avomera kulipira? Nanga nyengo yotseka nyanja ija geni ikaima ndalama izichokera kuti

Asiyatu wa ku Malindi: Amalume sindinawauzenso. Iwowo ndi amene amandipatsa ya thiransipoti ndi ya lendi ikapelewera

Gift wa maakaunti: Za loni aphunzitsi akunena zoona, ine ndikubwezabe yanga ndipo imawawa. Koma ndifotokoze njira ya akaunti mmene ilili kuti asamaope. Ku ICAM, bungwe la maakauntanti m'Malawi muno lomwe kale mayeso ake tinkati a PAEC, umayamba ndi satifiketi ya financial accounting, kenako Technician Diploma, kenako ma level a chartered. Mayeso amalembedwa June ndi December. Chabwino chake sufunika kukhala mkalasi tsiku lonse, ena amaphunzira ku Malawi College of Accountancy, ena madzulo kapena weekend m'makoleji ang'onoang'ono, ena ngati ine timangowerenga tokha ndi ma past paper. Munthu wa masamu ngati iyeyu satifiketi sizamuvuta. ACCA, ya akaunti ya ku Britain, iliponso koma imalipiridwa mu mapaundi, ndiye chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 anzanga angapo anaimika kaye, forex yakenso kuipeza ku banki ndi nkhondo

Che Bwanali: A Gift mwadzigwira nokha. Mwati sufunika kukhala mkalasi tsiku lonse, mwati munthu atha kuwerenga yekha. Ndiye chomuletsa kuyamba ICAM yo ali ku yunivesite konko ndi chani? Asiyirenji?

Gift wa maakaunti: Mmm madala apa mwandipana kkkk. Kutheka zimatheka, ndikudziwa anthu anapangapo. Koma mayeso a June ndi December nthawi zambiri amagundana ndi a semesita, ndiye chaka chomaliza cha kemisitiri kuphatikiza project kuphatikiza mapepala a akaunti, munthu atha kugwa mbali zonse ziwiri. Ngati atero atenge pepala limodzi kapena awiri basi asadzikundikire

Mphatso Monkey Bay: Komanso munthu wa digiri ya sayansi ndi pepala la akaunti pamwamba ndi osowa. Fakitale iliyonse imafuna wa costing amene akumvetsa zomwe zikuchitika mkati, shuga watayika pati, mankhwala alowa ochuluka bwanji. Akauntanti wamba amangolandira manambala, uyu atha kuwatsutsa a production

Aphunzitsi a ku Namwera: Ndiwonjezere kuti ma vacancy ambiri, a boma ngakhale a ma banki a graduate trainee aja, amangoti digiri yochokera ku sukulu yovomerezeka ndi NCHE, ena satchula n'komwe kuti ya chani. Internship ya boma ija nayonso imafuna pepala. Popanda digiri CV yanu ikhala ya MSCE mpaka mutamaliza dipuloma, zaka zitatu za ku yunivesite siziwerengedwa paliponse

Jay pa Boma: Koma aphunzitsi tisanamizane, ma digiri ali mbwee pa Boma pano, wina ndimapanga naye shifiti pa njinga yamoto yomweyi ali ndi gauni kunyumba

Aphunzitsi a ku Namwera: Zoona Jay, ulova ulipo ndipo digiri si ntchito. Koma mnzakoyo vacancy ikatuluka amaponya kalata, iwe umamuperekeza ku positi ofesi

Jay pa Boma: Eeeh lero ndadzuka ndi tsoka

Admin: Aphunzitsi muchepetseko moto, mwanayo ndi wathu yemwe

Mlongo wa ku Chimwala: Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono ndi onse. Pali njira yapakati yomwe anthu saidziwa, kupempha kupuma chaka malo ako akusungire. Mng'ono wanga anachita zimenezo mayi athu atadwala, analemba kalata kwa registrar kudzera kwa dean, anabwerera chaka chotsatira bwinobwino. Chachikulu osangosowa ayi, ukangochoka osalemba kalata amakutenga ngati wathawa ndipo kubwerera kumavuta. Sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake m'kabuku ka ophunzira, ndipo amafuna chifukwa chomveka monga matenda kapena kusowa fizi, zoti kosi yanditopetsa mwina sangazimve. Koma pitani mukacheze ndi dean of students musanapange chilichonse, mufunsenso ngati nkotheka kusintha meja kupita ku statistics kapena masamu poti mwati mumazikonda, ngakhale zitatanthauza kubwereza chaka

Asiyatu wa ku Malindi: Zosintha meja ndinafunsapo mnzanga wa chaka chachinayi anati pa third year mochedwa, koma kwa dean sindinapiteko

Mlongo wa ku Chimwala: Mnzanuyo si dean. Pitani nokha

Gift wa maakaunti: Statistics ikanatheka ndiye bwenzi nkhani yatha, mabungwe onse ali mu Mangochi muno amasaka anthu a M&E (kalondolondo wa mapulojekiti) ndi data, ndipo ndi ICAM pambali zimagwirizana bwino

Che Bwanali: Kubwereza chaka ndi ndalama zinanso. Koma bola zimenezo kusiyana ndi kubwera kumudzi. Tsono za makolo, mwana wanga usakayambe ndi bambo ako. Kwathu kuno nkhani ya mwana imadutsa kwa amjomba (amalume), ndipo mwayi wako amalume akowo aona okha ntchito yako m'mabuku awo. Ukhale nawo pansi, uwaonetse ndondomeko yolembedwa, mayeso awa ndalama zake izi, chaka chakuti ndidzakhala pakuti. Usakanene kuti ndatopa, munthu amene amagona panyanja usiku onse ndi ukonde wa chilimira mawu oti ndatopa ndi sukulu sangawamve. Iwowo ndi amene akadziwe kawauzidwe ka bambo ako

Abiti Saidi: Ndipo mayi ako uwauze wekha asamve kwa anthu

Asiyatu wa ku Malindi: Zikomo nonse, sindimayembekezera kuti muyankha chonchi. Kunena zoona mtima wanga ukadali kwa a Gift, ndikaganiza zobwerera mu labu Lolemba m'mimba mumachita kutentha. Koma za loni ndi zomwe anena anti Abiti sindingazitsutse. Panopa ndapanga chonchi, semesita ino ndimaliza ndilembe mayeso, mkati mwa sabatayi ndipita kwa dean kukafunsa za statistics ndi zosunga malo, ndipo ndilembetsa ICAM pepala limodzi ndione ngati chikondichi chipirire mayeso enieni osati mabuku a amalume okha. Za chaka chachinayi sindikulonjeza kanthu, ndidzaona ndikamva yankho la dean

Che Bwanali: Chaka chachinayicho udzamaliza, tidzakambirananso

Gift wa maakaunti: Madala musamuumirize, wanena kuti adzaona. Asiyatu mabuku anga a satifiketi alipo ndi ma past paper, ena ndi akale koma double entry sinasinthe, za tax zokha ugule atsopano chifukwa malamulo amasintha ndi bajeti chaka chilichonse. Ndiwasiya kwa achemwali anga ku M'baluku

Mphatso Monkey Bay: Ukasankha project ya usipa undiuze ndikulumikize ndi a BVC, komiti yoyang'anira za usodzi, a ku doko lanu

Asiyatu wa ku Malindi: Achimwene a Gift ndilowa ku inbox, amalume amabwera pa Boma Lachisanu kudzagula mafuta ndiwapempha adzatenge, bola musawauze kuti ndi mabuku a chani ndisanalankhule nawo

Jay pa Boma: Ngati akuvutika kunyamula ndilipo, pa Boma mpaka Malindi ndikuchotserani pang'ono